Mphindi Zochepa Ambulansi Isanafike



Ndiyamba ndi mkonono. Tonse timaudziwa. Wina akagona tulo tofa nato n'kuyamba kuliza mkonono, timangomutsekera chitseko n'kumusiya. Koma m'mizinda ya ku Canada ndi ku America muli makolo ambiri amene mpaka lero mtima sukhala pansi chifukwa cha phokoso limeneli. Adamva mwana wawo akuliza mkonono kuchipinda, n'kunena kuti watopa, msiyeni agone, tikambirana mawa. Kutacha adamupeza atazizira kale. Phokoso lija lidali kupuma kwa munthu amene mankhwala a gulu la opioid ankamutseka mpweya pang'onopang'ono. Nthawi yonse imene linkamveka, aliyense wa m'nyumbamo akadatha kumupulumutsa akadadziwa chomwe akumva komanso akadakhala ndi chomuthandizira.

Nkhani yanga yagona pamenepo. Munthu akapyola muyezo wa mankhwalawa, moyo wake umakhala m'manja mwa amene ali naye pafupi: mnzake wobaya naye, mkazi wake, mlonda wa pa geti, wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Dokotala amafika mochedwa, ngakhale mumzinda wolemera chotani. Mizinda imene yapulumutsa anthu ambiri ndi imene idavomereza mfundo imeneyi, ndipo kawirikawiri idavomereza mochita kukakamizidwa ndi anthu wamba.

Tiyambe tamvetsetsa zomwe zimachitika m'thupi. Mankhwala a opioid ndi banja limodzi lalikulu. Morphine ndi codeine amachokera ku utomoni wa chomera cha poppy, heroin amapangidwa kuchokera ku morphine, pomwe tramadol, pethidine, methadone ndi fentanyl amapangidwa m'mafakitale. Ambiri mwa iwo ndi mankhwala abwino a m'chipatala. Mayi amene khansa yamufika m'mafupa amapeza tulo chifukwa cha morphine, ndipo sindikufuna kuti wina atuluke muno akuopa kupereka morphine kwa wodwala wotere. Kwathu kuno odwala ambiri amavutika ndi ululu chifukwa mankhwalawa sawafikira. Ngozi imabwera akachuluka m'thupi: amafika pa gawo la ubongo limene limayendetsa kupuma, n'kuligoneka tulo. Munthuyo sabanika ngati womira m'madzi, saphupha, saitana aliyense. Kupuma kumangochepa mpaka kusiyiratu. Milomo ndi zikhadabo zimatuwa, kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano, ndipo ukamugwedeza sadzuka. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa chabe umayamba kuwonongeka. Ndi heroin, zonsezi zimatha kutenga ola limodzi kapena kupitirira. Ndi fentanyl, amene ndi wamphamvu pafupifupi ka 50 kuposa heroin, zimatha kuchitika m'mphindi ziwiri kapena zitatu, nthawi zina jakisoni adakali pamkono.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala obweza ngoziyi adapezeka kalekale. Dzina lake ndi naloxone. Adapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ku America adaloledwa kugwiritsidwa ntchito mu 1971. Amakankha opioid uja pamalo pomwe wakakamira mu ubongo, ndipo m'mphindi ziwiri kapena zitatu munthu amayambanso kupuma. Saledzeretsa, sapatsa chibaba, ndipo ukamupatsa munthu amene sadamwe opioid sizimuvulaza. Komabe kumeneko kwa zaka 25 mankhwala amenewa ankangokhala m'makabati a zipatala ndi m'maambulansi, kutali ndi zimbudzi, zipinda ndi tinjira momwe anthu ankafera.

Amene adawatulutsa m'kabati adali Dan Bigg wa ku Chicago. Iye ndi anzake adayambitsa bungwe la Chicago Recovery Alliance kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ankayenda ndi galimoto m'madera osauka a mzindawo kugawa majakisoni atsopano pofuna kuchepetsa kufala kwa kachirombo ka HIV. Mu 1996 mnzake amene adayambitsa naye bungweli adamwalira atapyola muyezo wa heroin. Bigg adadzifunsa funso limene aliyense akadatha kufunsa koma palibe adafunsa: ngati namwino angabaye naloxone, chingaletse n'chiyani munthu amene amadzibaya mumtsempha katatu pa tsiku? Adayamba kugawa timabotolo ta naloxone kwa ogwiritsa ntchito heroin enieniwo, n'kuwaphunzitsa kabayidwe kake. Ambiri adamutsutsa. Ena ankati anthu amenewa ndi osadalirika, ena ankati akadziwa kuti pali chowadzutsa adzabaya mopanda mantha. Koma anthu aja adayamba kubwerera ku galimoto ija ndi timabotolo topanda kanthu, akufotokoza kuti usiku wathawu adzutsa mnzawo ndipo akufuna ena.

Padapita nthawi kuti akuluakulu atsatire. Dziko la Scotland lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yogawa naloxone woti anthu azisunga kunyumba mu 2011. Bungwe la WHO lidatulutsa malangizo mu 2014 onena kuti aliyense amene angathe kukhala pafupi ndi munthu wopyola muyezo azikhala ndi naloxone. Ku America, naloxone wopopera m'mphuno wotchedwa Narcan adaloledwa kugulitsidwa popanda chikalata cha dokotala mu March 2023. Kuchokera 1996 kufika 2023 ndi zaka 27, ndipo ine ndimaona kuti chomwe chidachedwetsa si nzeru za sayansi. Anthu ankangokayikira ngati moyo wa munthu wobaya heroin ndi woyenera kuuvutikira.

Tsopano tiwoloke kupita ku Vancouver, ku Canada, komwe ndikufuna tikhaliko pang'ono. Vancouver ndi mzinda wolemera, wa m'mbali mwa nyanja, wozunguliridwa ndi mapiri. Koma chapakati pake pali dera lotchedwa Downtown Eastside, la mahotela akale momwe anthu osauka amachita lendi kachipinda kamodzikamodzi, chimbudzi n'kumagawana ndi anzawo. M'zaka za m'ma 1990 derali lidagwidwa ndi mavuto awiri pakamodzi. Heroin wamphamvu ankapha anthu, ndipo HIV inkafala kwambiri pakati pa obwerekana majakisoni. Mu 1997 akuluakulu a zaumoyo adalengeza kuti m'derali mwagwa mliri.

Chaka chomwecho anthu a m'deralo adachita chinthu chimene mzindawo sudaiwale. Adatseka msewu wa Hastings, ndipo m'paki ya Oppenheimer adazika mitanda yamatabwa 1,000 pokumbukira anzawo amene adafa. Pakati pa otsogolera padali Bud Osborn, mlakatuli amene iye mwini adakhalapo kapolo wa heroin kwa zaka zambiri, ndi mayi wina wa m'deralo, Ann Livingston. Mu 1998 adakhazikitsa bungwe la VANDU, la anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo. Taganizani kulimba mtima kwake. Anthu amene apolisi ankawathamangitsa tsiku lililonse adayamba kuchita misonkhano, kusankha atsogoleri, kulemba zokambirana, n'kumapita ku khonsolo ya mzinda kukalankhula okha. Usiku ankayendera tinjira ta kuseri kwa mahotela kuyang'ana ngati wina wagwa. Akuluakulu athu adati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Anthu a ku Downtown Eastside adaiphunzira mfundoyi pamaliro a anzawo.

Chimene ankapempha chidali malo oti munthu azibaya pamaso pa namwino, m'malo mobisala kuseri kwa mabini. Maganizowa sadali achilendo, pakuti mzinda wa Bern ku Switzerland udali ndi chipinda chotere kuyambira 1986, ndipo Sydney adatsegula chake mu 2001. Meya wa Vancouver wa nthawi imeneyo, Philip Owen, adali munthu wamalonda wosakonda zosinthasintha, ndipo poyamba sadagwirizane nazo. Koma adatsikira m'derali, adacheza ndi anthuwo, maganizo ake n'kusintha. Mu 2001 khonsolo idavomereza ndondomeko ya mizati inayi: kupewa, kuchiza, kusungitsa lamulo ndi kuchepetsa ngozi kwa amene sadasiye. Owen adalipira mtengo wake, chifukwa chipani chake sichidamuimikenso pa chisankho cha 2002. Wolowa m'malo mwake, Larry Campbell, adagwirapo ntchito yofufuza zomwe zapha anthu, choncho mitembo ya ku Downtown Eastside adaiona ndi maso ake. Mu September 2003 malo otchedwa Insite adatsegulidwa pa msewu wa East Hastings, oyamba ovomerezeka ndi lamulo ku North America konse.

Mkati mwa Insite mulibe zachilendo. Munthu amabwera ndi mankhwala ake, pakuti pamalopo sagulitsa kapena kugawa heroin. Amapatsidwa jakisoni watsopano ndi madzi oyera, amakhala pa katebulo kokhala ndi galasi kutsogolo, ndipo anamwino amamuona kudzera m'galasimo. Akagwa, mpweya wa okosijeni ndi naloxone zili pomwepo. Akatha amakhala kaye m'chipinda china, kumwa khofi, kutsukidwa zilonda. Pamwamba pa nyumba yomweyo pali malo ogonera anthu amene aganiza zosiya, kotero kuti tsiku limene munthu wanena kuti ndatopa nazo, sauzidwa kuti adikire miyezi itatu. Amangokwera masitepe.

Ofufuza adatsatira zotsatira zake mosamala. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2011 adapeza kuti imfa zobwera chifukwa chopyola muyezo zidatsika ndi 35 peresenti m'dera la mamita 500 kuzungulira Insite, pomwe m'madera ena a mzindawo zidatsika ndi 9 peresenti yokha. Boma la Canada lotsogozedwa ndi Stephen Harper lidayesetsa kutseka malowa, koma pa 30 September 2011 Khoti Lalikulu la Canada lidagamula, oweruza onse mogwirizana, kuti kutseka Insite kungaike miyoyo ya anthu pachiswe ndipo n'kuphwanya ufulu wawo. Anthu ambirimbiri akhala akugwa mkati mwa Insite, n'kudzutsidwa pomwepo n'kutuluka akuyenda okha.

Ndikadakonda nkhani ya Vancouver ikadathera pamenepa, koma ndikhala ndikukunamizani. Chapakati pa zaka za m'ma 2010 fentanyl wopangidwa mobisa adalowa pamsika, wosakanizidwa mu heroin ndi m'mapiritsi achinyengo. Mamiligalamu awiri okha, tiufa tochepa kuposa katsinidwe ka mchere, tingathe kupha munthu wosazolowera. Wogula sadziwa mphamvu ya chomwe wagula, ndipo nthawi zambiri wogulitsanso sadziwa. Pa 14 April 2016 chigawo cha British Columbia, momwe muli Vancouver, chidalengeza kuti chili pa ngozi ya zaumoyo. Insite idadzaza, mizere idafika panja. Apanso anthu wamba ndiwo adatsogola. Mu September 2016 Sarah Blyth, Ann Livingston ndi anzawo adakhoma tenti m'kanjira ka kuseri kwa msika wa ku Downtown Eastside, adaikamo matebulo, mipando ndi naloxone, popanda chilolezo cha aliyense. Oyang'anira ambiri adali anthu ogwiritsanso ntchito mankhwala, amene ankadziwa mayina a obwerawo. Pofika December chaka chomwecho nduna ya zaumoyo ya chigawocho idalamula kuti malo ngati amenewa atsegulidwe paliponse pomwe akufunika.

Ngakhale zidatero, mu 2023 anthu oposa 2,500 adafa ndi mankhwalawa ku British Columbia, pafupifupi anthu 7 tsiku lililonse. Ku America chiwerengero chidapitirira 100,000 pa chaka mu 2021, 2022 ndi 2023, chisadatsike kufika cha m'ma 80,000 mu 2024. Otsutsa amatenga ziwerengero zimenezi n'kunena kuti onani, zonse zija zidalephera. Koma tiyeni tifunse kuti anthuwo amafera kuti. Malipoti a ofufuza za imfa ku British Columbia amasonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri amafera m'nyumba, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna. Ena ndi amisiri omanga, madalaivala, abambo a mabanja, anthu amene sangayerekeze kuima pamzere wa Insite kuopa kuonedwa. Amadzitsekera m'bafa kuti mkazi asadziwe, kuti abwana asamve. Naloxone angakhale ali m'thumba mwawo momwemo, koma munthu wokomoka sangadzipopere yekha. Manyazi ndi amene amakhoma chitseko chija, ndipo manyaziwo timawapanga ndife, ndi mawu amene timalankhula pamaso pa ana athu ndi m'makalasi ndi pa maguwa.

Pali dandaulo limene ndiyenera kuliyankha mwachilungamo, chifukwa ndikudziwa kuti ena muno muli nalo mumtima. Kodi kupatsa munthu jakisoni ndi malo obayira si kumulimbikitsa? Ofufuza a ku Vancouver adalifunsa funsoli, ndipo sadapeze kuti Insite idachulukitsa obaya kapena umbanda m'deralo. Adapeza kuti amene ankapitako pafupipafupi ndi amenenso ankayamba chithandizo chosiyira. Komabe madandaulo a anthu okhala pafupi si opeka. Kholo limene lapeza jakisoni pabwalo losewerera ana lili ndi chifukwa chokwiyira. British Columbia idayesa kuchotsa mlandu kwa opezeka ndi mankhwala osapitirira magalamu 2.5 kuyambira January 2023, koma mu 2024 idabwezeretsa chiletso chogwiritsira ntchito mankhwala pamalo a anthu onse chifukwa cha madandaulo otere. Chaka chomwecho boma la Ontario lidalengeza zotseka malo obayira amene ali pafupi ndi masukulu. Makolowo ndimawamvetsa. Koma ukatseka chipinda osatsegula china, anthu aja sasiya kubaya. Amabwerera m'zimbudzi ndi m'tinjira, okhaokha. Mizinda ina ikupitabe mbali inayo: New York idatsegula malo awiri mu November 2021, ndipo Glasgow idatsegula ake, otchedwa The Thistle, mu January 2025.

Pali zinthu zina ziwiri zimene sizimveka kwambiri pa wailesi koma zimapulumutsa anthu ochuluka. Choyamba ndi lamulo loteteza woitana thandizo. Anthu ankathawa mnzawo akagwa, kapena kumukokera panja n'kumusiya, poopa kuti ambulansi ibwera ndi apolisi. Mu 2017 Canada idakhazikitsa lamulo lakuti woitana thandizo pa ngozi yotere asaimbidwe mlandu wopezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa ntchito yekha, ndipo zigawo zambiri za ku America zili ndi malamulo ofanana nalo.

Chachiwiri n'chokhudza anthu otuluka m'ndende, ndipo apa ndikupempha mutchere khutu. Thupi likazolowera opioid limafuna wochuluka kuti limve kanthu. Munthu akakhala miyezi osabaya, kuzolowera kuja kumatha, koma chibaba sichitha. Akatuluka n'kubaya muyezo wake wakale, muyezo womwewo umamupha. Kafukufuku wa ku Washington State amene adasindikizidwa mu 2007 adapeza kuti m'masabata awiri oyamba munthu atatuluka m'ndende, chiopsezo chake chofa ndi mankhwala chinkaposa cha anthu ena ka 129. N'chifukwa chake ku Scotland akaidi amene ali pa chiopsezo amapatsidwa naloxone pa tsiku lotuluka. Ngozi yomweyi imamudikira munthu wochokera kumalo osiyitsira mankhwala, kapena amene abale adamutsekera m'nyumba kwa mwezi kuti asiye. Banja limasangalala kuti mwana wachira, pomwe masabata amenewo ndi amene ayenera kuyang'aniridwa kwambiri. Chithandizo chimene chatsimikizika kuti chimateteza ndi cha methadone kapena buprenorphine, mankhwala omwa tsiku ndi tsiku amene amaziziritsa chibaba popanda kuledzeretsa akaperekedwa pa muyezo woyenera. Amachepetsa imfa ndi theka kapena kuposerapo. Ena amanyoza kuti kumeneko n'kusinthanitsa mankhwala ena ndi ena. Ine ndikaona munthu akupita kuntchito, akulera ana ake, akumwa methadone m'mawa monga mmene wina amamwera mankhwala a shuga, sindiona chonyoza.

Mwina wina akuti, zonsezi n'za kutsidya kwa nyanja. Fentanyl wa m'misewu ndi vuto la kumeneko ndithu, koma heroin ali pafupi nafe kuposa mmene timaganizira. Heroin wochokera ku Afghanistan amawoloka nyanja ya Indian m'mabwato, amatsitsidwa m'magombe a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo kumpoto kwa Mozambique, kenaka amayenda pamsewu kupita ku South Africa, ndipo wina amatsalira m'njira. M'makomboni a ku Gauteng ndi ku Durban, komwe ana athu ambiri amapita kukasaka ntchito, mankhwala otchedwa nyaope ndi whoonga ndi heroin yemweyo wosakaniza ndi zinthu zina. Anansi athu adayamba kale kuchitapo kanthu. Chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chidatsegula kiliniki ya methadone mu 2011, ndipo mzinda wa Tshwane mogwirizana ndi University of Pretoria udayambitsa ndondomeko ya COSUP mu 2016, yopereka chithandizo m'madera momwe anthuwo akukhala, mothandizidwa ndi anthu amene adadutsamo okha. Njira imeneyi ife sitingaione yachilendo. Pa nthawi ya Edzi tidaona mmene kusalana kudaphera anthu m'nyumba mwakachetechete, ndipo tidaonanso kuti zinthu zidasintha pamene anthu omwe ali ndi kachiromboka adayamba kuima pagulu, kuyendera anzawo ndi kuwaperekeza kukalandira ma ARV.

Ndisanakhale pansi, ndikusiyireni zoti muchite ndi manja anu. Mukapeza munthu wagona mosadziwika bwino, akuliza mkonono wachilendo kapena akupuma patalipatali, muitaneni mokweza, mugwedezeni, mupekeseni mwamphamvu pa fupa la pachifuwa ndi mfundo za zala zanu. Akapanda kudzuka, tumani wina aitane thandizo nthawi yomweyo. Musamuthire madzi ozizira, musamumwetse mkaka kapena madzi amchere, musamusiye kuti agone zimuthere. Ngati naloxone alipo, mupatseni. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mukwezeni chibwano, mutsineni mphuno n'kumuuzira mpweya m'kamwa kamodzi pa masekondi asanu aliwonse, pakuti chimene akusowa ndi mpweya, ndipo mpweya wanu ungamusunge ngakhale popanda mankhwala. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu osasintha, mupatseninso naloxone wina. Akayamba kupuma mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe. Akadzuka adzakhala wosokonezeka, mwina wokwiya, thupi likumuwawa. Musamusiye yekha, chifukwa mphamvu ya naloxone imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, ndipo opioid amene adakali m'thupi angathe kumugwetsanso.

Kwa inu ogwira ntchito m'zipatala ndili ndi pempho limodzi. Naloxone ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka m'chipatala chilichonse, ndipo paliponse pomwe pamaperekedwa morphine kapena pethidine ayenera kukhalapo. Mawa mukafika kuntchito katseguleni kabati ya mankhwala, mukaone ngati alimo, mukawerenge tsiku lake lotha mphamvu, ndipo mukafunse ngati namwino wa usiku akudziwa pomwe ali.